Manja Amene Amagwira Wodwala: Nkhani Yoyankhulidwa pa Ludzi

 Ino ndi nyengo yososa ndi kugalauza, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwasiya makasu m'munda kuti mudzakhale pano. Choncho ndingolowa m'nkhani.

Munthu akadwala timathamangira naye kuchipatala, ndipo timachita bwino. Koma pali choona china chimene ife azaumoyo sitikonda kuchinena pagulu: chipatala nachonso chimadwalitsa. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa lipoti lonena kuti mwa odwala 100 aliwonse ogonekedwa m'zipatala za maiko ngati lathu lino, 15 amatengerako matenda ena amene sadabwere nawo. Kumaiko olemera ndi 7. Ndipo mwa otenga matenda oterewa, mmodzi mwa khumi aliwonse amamwalira nawo. Matenda ake mumawadziwa. Mayi wachira bwinobwino ndi opaleshoni, patsiku lachinayi bala layamba kutuluka mafinya, thupi latentha. Mwana wabwera ndi malungo, wapeza bwino, mawa lake wayamba kutsegula m'mimba. Agogo agonekedwa ndi mwendo wothyoka, akutuluka ndi chifuwa. Zikatere kumudzi timayamba kuyang'anana ndi diso lofiira, kufufuza amene adakangana ndi mayiyo pa malire a munda, pomwe chomupweteka chidadutsa pa chikhatho cha munthu womufunira zabwino.

Izi zidadziwika kalekale. Mu 1847, mumzinda wa Vienna ku Austria, kudali dokotala wachinyamata wochokera ku Hungary, dzina lake Ignaz Semmelweis. Chipatala chomwe ankagwirako ntchito chidali ndi mbali ziwiri zochirira amayi. Mbali ina ankathandiza madokotala ndi ophunzira udokotala, inayo azamba. Amayi ambiri ankamwalira ndi kutentha thupi atangochira, koma imfa zidachuluka kwambiri kumbali ya madokotala, moti amayi amumzindamo ankachita kuchonderera kuti asawagoneke kumeneko. Semmelweis adavutika nazo mumtima mpaka pamene mnzake, Jakob Kolletschka, adachekedwa ndi mpeni akupima mtembo, n'kumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Apa maso ake adatseguka. Madokotala ankachoka kopima mitembo n'kupita kukayeza amayi ndi manja omwewo. Azamba sankagwira mitembo. Adalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asadagwire mayi. M'mwezi wa April chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 mwa 100 adali atamwalira. Miyezi yotsatira lamuloli, chiwerengerocho chidatsika kufika pa awiri mwa 100, kenako kutsikanso. Madokotala anzake ambiri adakwiya, kumati munthu wophunzira sangakhale ndi manja opha. Semmelweis adamwalira mu 1865 anthu asadamuvomereze. Klorini amene adapulumutsa amayi a ku Vienna ndi yemweyu alangizi a zaumoyo amatigawira m'midzi mvula ikayamba.

Tsopano tibwere kwathu. Kaya ndi pa Ludzi pano, kaya ku Guilleme, ku Kapiri, kapena kuchipatala chachikulu paboma la Mchinji, tawerengani manja amene amagwira wodwala kuchokera m'mawa kufika m'mawa winawo. Dokotala amadutsa mphindi zochepa. Namwino amabwera kudzabaya jakisoni, kudzayeza, kudzatsuka bala, n'kuthamangira kwa wina, chifukwa anamwino m'dziko muno ndi ochepa poyerekeza ndi odwala. Maola onse otsalawo wodwala ali m'manja mwa gadiyani: mayi ake, mchemwali wake, mlamu wake, apongozi ake.

Taganizirani tsiku la mayi ameneyu. Wagona pansi, pachitenje, pambali pa bedi. M'bandakucha wadzutsa wodwala, wamuthandiza kudzithandiza, wakataya zoipazo kuchimbudzi, wachapa zitenje zothimbirira. Wathamanga kokaphika, wakoleza moto, wabwera ndi phala, wamudyetsa, wamupukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje chomwe wavala. Diripi ikasiya kudontha, amaigwiragwira kuti iyambenso. Bandeji ikasuntha, amaibwezera ndi zala. Wodwala wa bedi loyandikana akalira, gadiyani wake atapita kumsika, mayi yemweyu amadzuka kukamutembenuza, kumumwetsa madzi, chifukwa ndi mmene tidaleredwera, sitingaonerere munthu akuvutika. Ndimalemekeza kwambiri mtima umenewu, ndipo popanda amayi otere zipatala zathu zikadatsekedwa kale. Koma onani ulendo umene manja akewo ayenda tsiku lisadafike pakati: kuchimbudzi, kumoto, pabala, pakamwa, pabedi ili, pabedi ilo. Loweruka akubwerera kumudzi kuti mnzake adzamulandire, ndipo tizilombo ta m'wodi tikupita naye kukalowa m'nyumba momwe muli ana.

Mfundo yanga lero ndi imeneyi. Gadiyani ndi wantchito wa zaumoyo, ngakhale salandira malipiro ndipo savala yunifomu. Ndiye amagwira wodwala kuposa wina aliyense, ndiyenso amalumikiza wodi ndi mudzi. Komabe kawirikawiri amene amamukhazika pansi n'kumuphunzitsa palibe. Timamukumbuka pomuthamangitsa nthawi yokolopa ikakwana, kapena pomukalipira akalakwitsa chinthu chomwe sitidamuuze.

Zoyenera kumuuza si zambiri, ndipo zingathe m'mphindi zisanu pa tsiku logonekedwa. Asambe m'manja asadagwire wodwala wake ndiponso akamugwira, asadamudyetse, akachoka kuchimbudzi, akataya zoipa, komanso asadapite pabedi la wina ndi pochokapo. Kusamba kwake ndi sopo ndi madzi oyenda, a pampopi kapena othirirana, kupukusa zikhatho, kunja kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi m'zikhadabo, kwa masekondi 40 mpaka 60. Kungonyowetsa zala n'kupukuta pachitenje si kusamba. Zinthu zitatu asazigwire konse: bala, malo amene alowetsa diripi, ndi kapaipi ka mkodzo. Khungu la munthu limatchinga tizilombo, ndipo malo atatuwa ndi makomo olowera m'thupi, kotero kuti chofikapo chingalowe mpaka m'magazi. Akaona chovuta aitane namwino. Mawindo asatsekedwe onse ngakhale m'miyezi yozizira ya June ndi July, chifukwa chifuwa chachikulu chimayenda ndi mpweya, ndipo m'chipinda chotseka mpweya wa wotsokomola umapumidwa ndi onse. Ana ang'onoang'ono asabwere kudzazonda odwala. Ndikudziwa kuti agogo amafuna kuona adzukulu awo, koma mwana amakwawa pansi, amagwira chilichonse, amaika zala m'kamwa.

Kwa inu anzanga ovala zoyera ndi zobiriwira, ndili ndi mawu olemerako. Simungauze gadiyani kuti asambe m'manja iye akukuonani mukuchoka pabedi ili kupita pabedi ilo ndi magolovesi amodzimodzi. Magolovesi amatinyenga kwambiri. Munthu akawavala amadziona wotetezeka, ndipo n'zoona kuti iye watetezeka, koma wodwala wachiwiri walandira zonse za woyamba. Golovesi ndi la wodwala mmodzi, ntchito imodzi, ndipo polivula timasambabe m'manja. Mankhwala opaka m'manja aja a spiriti amafuna masekondi 20 mpaka 30 okha, koma manja akakhala ndi litsiro looneka, magazi kapena chimbudzi, pamafunika sopo ndi madzi. Foni ya m'thumba nayo tiikumbukire. Timaigwira tili pakati pa ntchito, timapita nayo kunyumba, ana amaseweretsa.

Ndikupempha chinthu chimene ndikudziwa kuti n'chovuta pa chikhalidwe chathu. Mayi wa kumudzi akhale ndi ufulu wofunsa kuti, "Pepani adokotala, mwasamba m'manja?" ndipo wofunsidwayo ayankhe mwaulemu, asambe pomwepo mayiyo akuona. Kwathu kuno kufunsa wamkulu funso lotere kumaoneka ngati mwano, ndipo wodwala amaopa kuti akamukwiyitsa samuthandiza bwino. Mantha amenewo ndife tingawachotse, pouza anthu tokha kuti tifunseni. Kunyada kwa madokotala a ku Vienna kudaika amayi ambiri m'manda, ndipo sindifuna kuti ife tidzawerengedwe nawo limodzi.

Palinso anthu ena amene pamisonkhano ngati uno amakhala kumbuyo, kapena saitanidwa n'komwe: okolopa, ochapa, otaya zinyalala, oyatsa ng'anjo yootchera. Iwowa ndi amene amasungunula klorini, ndipo akalakwitsa muyeso, wodi yonse yalakwika. Klorini wosambira m'manja, wotsukira magazi otayika pansi, ndi wothira pa chimbudzi cha wodwala kolera ali ndi mphamvu zosiyana. Wosungunula kale amatha mphamvu akakhalitsa kapena akakhala padzuwa, n'chifukwa chake amayenera kukonzedwa watsopano tsiku ndi tsiku. Munthu amene wapatsidwa ntchito yotere ayenera kuphunzitsidwa, kupatsidwa magolovesi okhuthala, nsapato za jombo ndi epuloni, ndiponso kupatsidwa moni ngati mnzathu pantchito. Ndiyenso amabayidwa ndi singano imene wina adaiponya m'zinyalala wamba m'malo moiika m'bokosi lake. Bokosi limenelo likafika magawo atatu mwa anayi litsekedwe, lisachite kusefukira. Aliyense wobayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, kaya ndi namwino, wokolopa kapena gadiyani, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi, anene nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV alipo, amamwedwa masiku 28, koma amayenera kuyambidwa maola 72 asadathe, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Matenda a chiwindi a mtundu wa B amalowa kudzera m'singano mosavuta kuposa HIV, ndipo katemera wake alipo.

Wina anganene kuti ngati munthu watenga matenda m'chipatala, si ali pomwepo pa mankhwala, angomubaya jakisoni. Kale zinkatheka. Lero mankhwala akugonja. Ofufuza a Malawi-Liverpool Wellcome adaunika magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuchokera mu 1998 mpaka 2016. Pa kachilombo kena kotchedwa Klebsiella, kamene kamakonda kugwira makanda m'zipatala, adapeza kuti mu 2003 pafupifupi 12 mwa 100 ndi timene sitinkamva jakisoni wodalirika wa gulu la ceftriaxone. Pofika 2016 tidali 90 mwa 100. Alimi muli pano mukudziwa zimene zimachitika ndi anankafumbwe mukamathira mankhwala operewera chaka ndi chaka: ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana, mpaka mankhwala aja amangokhala ngati ufa. Ndi zomwezo zimachitika tikagula makapisozi awiri a amoxicillin pagolosale chifukwa cha chimfine, tikasiya Bactrim pakati chifukwa tapezako bwino, tikasungira mwana otsala a bambo ake, kapena tikathira mankhwala a anthu m'madzi a nkhuku. Khanda lobadwa masiku osakwana likagwidwa ndi kachilombo kotere, mankhwala olipulumutsa ndi odula ndipo sapezeka paliponse. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuonetsetsa kuti kachilomboko kasalifike.

Pa makanda pomwepa, agogo ndi anamkungwi mundimve. Mchombo ndi bala lotseguka. Phulusa, dothi, mwaye, mafuta ophikira, madzi ofinya ku masamba, zonsezi zisayandikire. Kuchipatala amapereka mankhwala a chlorhexidine opaka pamchombo, ndipo okhawo ndi okwanira. Mwambo wa chikuta, wosunga mayi ndi khanda m'nyumba kwa masiku angapo osamagwiridwa ndi aliyense, udali ndi nzeru yake, ndipo mbali imeneyo tiisunge. Wobwera kudzaona mwana asambe m'manja asadamunyamule, ndipo wa chimfine aonere patali. Khanda likasiya kuyamwa, likatentha kapena kuzizira thupi, likamapuma mothamanga, mchombo ukafiira kapena kununkha, musadikire kuti kuche.

Ife a ku Mchinji tilinso ndi nkhani ya malire. Mzere wa pamapu udadula mabanja pakati. Ena muli ndi minda mbali iyi, azakhali anu ali mbali ya Chipata. Timapita ku Ncwala ku Mtenguleni mu February, ku Kulamba ku Mkaika mu August, kumaliro, kumaukwati, kukagulitsa soya ndi mtedza. Ena amadzera pachipata cha Mwami, ambiri amadzera njira zachidule zimene wapolisi sazidziwa. Matenda amadzera njira zomwezo, uku ndi uku, choncho tisamaloze chala anzathu a tsidya lija. Kolera amene adayamba ku Machinga mu March 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana ndi wa Gombe, adafika m'maboma onse a dziko lino. Adadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo sitidaonepo kolera woopsa chotere m'mbiri yathu. Boma lidalengeza kuti ndi ngozi pa 5 December 2022, ndipo mu February 2023 lidakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Ife titangopuma, mu October 2023 adabuka ku Lusaka, mpaka bwalo la mpira la Heroes lidasanduka chipatala. Poliyo amene adapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, n'kulengezedwa mu February 2022, adali wa mtundu wochokera ku Pakistan, ndipo miyezi yotsatira adapezekanso ku Tete. Ngati kachilombo kangachoke ku Pakistan kufika ku Lilongwe, kuchoka pa Kamwendo kufika pakhomo panu si ulendo.

Kolera ndiye adabala ntchito ya alangizi athu. Matendawa atalowa m'dziko muno koyamba mu 1973, boma lidalemba anthu othandiza kulimbana nawo m'midzi, ndipo gulu limenelo, pamodzi ndi amene ankabaya katemera wa nthomba, ndilo lidakula n'kukhala alangizi a zaumoyo amene timawaona panjinga lero. Akabwera kudzaona chimbudzi chanu, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi mpondagiya, musawaone ngati apolisi. Mpondagiya wopanda madzi ndi sopo, woimikidwa chifukwa kwamveka kuti kukubwera alendo, satchinga matenda. Madzi akumwa athiridwe klorini monga mwa muyeso umene alangizi akuuzani, adikire mphindi 30, asungidwe m'chigubu kapena mumtsuko wovindikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera. Madzi ambiri amachoka pamjigo ali abwino, n'kudzaipira m'nyumba. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa muli panjira. Kolera amatha kupha munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa, ndipo chimene chimamupha ndi kutha kwa madzi m'thupi.

Ena amati anthu akumudzi samva, ungawaphunzitse bwanji sasintha. Ine ndimakana, ndipo umboni wanga ndi wa boma lino lomwe. Ntchito ya MaiMwana idachitikira muno mu Mchinji. Amayi ankakumana m'magulu m'midzi mwawo, kukambirana okha zimene zikupha amayi ndi makanda, kusankha okha chochita. Amayi ena odzipereka ankayendera anzawo oyembekezera ndi oyamwitsa kukawalangiza. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet, ndipo zidaonetsa kuti njira ziwirizi zidathandiza kuchepetsa imfa za amayi ndi ana. Madokotala a maiko akutali adaphunzira kwa amayi a kuno. Ena mwa amayi amenewo mwina muli pano. Ngati mudatha zimenezo, kuphunzitsana kasamalidwe ka wodwala m'wodi simungakulephere. Mayi amene adakhalapo gadiyani n'kuphunzira bwino ndiye woyenera kulangiza mnzake amene akunyamula mtolo mawa, ndipo magulu a amayi a mpingo, a banki m'khonde ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi angaike nkhaniyi pa misonkhano yawo.

Koma kuphunzitsa kopanda madzi ndi kunamizana. Simungauze munthu kuti asambe kasanu ndi kawiri pa tsiku pamene mpopi uli kutali ndipo sopo adatha. A komiti ya chipatala, muli ndi mphamvu yofunsa mafunso awa pa msonkhano uliwonse, kuchipatala chilichonse chimene mumayang'anira, cha boma kapena cha mipingo pansi pa CHAM: pakhomo la wodi iliyonse pali ndowa ya kampopi yokhala ndi madzi ndi sopo? Nanga kumene magadiyani amaphikira, kuchidikiro, pakhomo la chimbudzi? Ndani amadzaza ndowayo ikatha usiku? Magetsi akazima pampu n'kuima, thanki imasunga madzi a masiku angati? Ndalama ya sopo ndi klorini ili ndi mzere wakewake m'bajeti, kapena imadikira zotsala? Ndowa yopanda mwini imauma pasadathe sabata, choncho pakhale dzina la munthu pa ndowa iliyonse.

Mafumu, ndatsala ndi inu, ndipo nkhani yake ndi ya maliro. Ndikuyankhula mwaulemu chifukwa ndikudziwa kulemera kwake. Pamaliro timasonkhana mazanamazana, timagona pasiwa, timapatsana moni wa m'manja, timadya pamodzi. Beseni limodzi limayenda kuchokera kwa akuluakulu mpaka kwa achinyamata, ndipo womaliza amasamba m'litsiro la anthu makumi awiri. M'nthawi ya kolera ndi ya Covid-19 midzi yambiri idasiya zimenezi n'kuyamba kuthirirana madzi ndi jagi, koma mliri utapita beseni lidabwerera. Mawu anu amodzi angalichotse mpaka kale, pamaliro, paukwati, pachinamwali ndi pa sadaka. Amayi ophika akhale ndi sopo pafupi, ndipo osambitsa thupi asakagwire miphika tsiku limenelo. Munthu akamwalira ndi kutsegula m'mimba kwadzidzidzi, thupi lake limakhala lidakali ndi tizilombo tambiri. Achibale asalisambitse okha, aitane alangizi adzalikonze ndi klorini, maliro asagone, ndipo chakudya chisaphikidwe. Banja lofedwa silingathe kunena zimenezi lokha, limaopa kunenedwa kuti lataya m'bale wawo ngati chinyama. Adzukulu nawo sangayambe okha. Zimafunika mfumu iimirire pabwalo n'kunena kuti lamuloli ndi langa, aliyense wodandaula abwere kwa ine. Ndikupemphani kuti mukakambirane ndi nduna zanu ndi alangizi a m'dera lanu mwezi uno, mvula yoyamba isadagwe, kuti tsiku loipalo likadzafika pasadzakhale kukangana pamaso pa anamfedwa.